Basi Ikasanduka Nyumba, Jenereta ndi Magetsi a Pachipilala Zisakumane

Mumzinda wa Bristol ku England muli misewu ina imene magalimoto ake sasuntha usiku, chifukwa eni ake amagona momwemo. Lendi yakwera mwakuti ngakhale anthu apantchito amagula minibasi kapena basi yakale, n'kuzula mipando, kukhoma bedi ndi kakhitchini, moyo n'kumapitirira. Maganizo amenewa afikanso m'magulu a WhatsApp a Amalawi, makamaka kwa amene akufuna kuti ndalama ya lendi izimanga nyumba ku Area 25 kapena ku Chileka. Wolemba nkhaniyi walowamo m'mabasi angapo otere. Matabwa amakhala osalala, makatani okongola, koma ukatsegula kabati kumene kwalowera nthambo za magetsi, mtima umagunda.

Basi yotere imadalira magetsi ochokera kuwiri. Ikaima pamalo olipira oimikapo makalavani, imalumikizidwa ku chipilala cha magetsi a kampani. Ikaima kutali ndi chipilala, mwini wake amaliza jenereta. Ngozi yaikulu ili pamene njira ziwirizi zakumanira.

Amalawi ambiri anabwera ku Britain ndi chizolowezi chakwathu. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankathima maola ochuluka, ndipo m'matauni munachuluka nthambo ya mapulagi awiri: pulagi imodzi ku jenereta, inayo m'soketi ya pakhoma, nyumba yonse n'kuwala. Popeza pulagi ya ku Britain ndi yofanana ndi ya ku Malawi, ya mano atatu ija, ndipo mphamvu yake ndi mavoti 230 konsekonse, munthu amaona ngati nzeru ya ku Ndirande igwiranso ku Bristol. Nthambo imeneyi ndi yakupha. Mbali imodzi ikangolumikizidwa, mano a pulagi inayo amakhala ndi nyesi ali pamtunda, ndipo mwana kapena mwini wake yemwe akhoza kuwagwira. Mu Seputembala 2022, bungwe loona za chitetezo cha katundu ku America la CPSC linachenjeza anthu kuti asiye kugwiritsa ntchito nthambo zoterezi n'kuzitaya.

Choopsa china sichioneka n'komwe. Jenereta ikalira nthambo ya kuchipilala isanazulidwe, magetsi ake amabwerera m'mawaya a kampani. Thiransifoma siisankha kolowera. Imene imatsitsa mavoti 11,000 kuti akhale 230 ikhozanso kukweza 230 kufika pa 11,000, ndipo mmisiri amene wathimitsa laini kuti akonze, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mulibe nyesi, ndiye amakumana nazo. Ngati magetsi a kampani ali oyaka, vuto limakhala lina. Nyesi yake imasinthasintha mbali ka 50 pa sekondi, ya jenereta nayonso chimodzimodzi, koma siziyendera limodzi. Zikagundana, jenereta ndi imene imagonja, ndipo kawirikawiri imapita pamodzi ndi firiji, tchaja ya mabatire ndi nthambo za kuseri kwa matabwa aja.

Njira yotetezeka kwambiri ndi yomwenso ili yotchipa kwambiri, ndipo anthu amainyoza chifukwa siioneka yapamwamba. Basi ikhale ndi polowera magetsi pamodzi pokha, pamtundu wabuluu wa ma amp 16 uja wa makalavani, ndi nthambo imodzi. Nthamboyo ikakhala ku chipilala siingakhalenso ku jenereta. Munthu amatuluka panja, kuzula uku n'kulumikiza uko. Mvula ikamagwa zimatopetsa, komabe palibe kuiwala kapena tulo timene tingakumanitse magetsi awiriwo.

Amene safuna zotuluka panja amaika changeover switch ya malo atatu, yolembedwa 1, 0 ndi 2. Ziro wapakatiyo ndiye mwini nkhani: swichi siingafike pa jenereta isanadutse pamene zonse zathima. Mabuleka awiri oikidwa moyandikana, ati munthu azikumbukira kuthimitsa imodzi asanayatse inzake, si changeover switch. Tsiku lina adzabwera wotopa kuchokera ku shifiti ya usiku, kapena mlamu wongobwera kudzacheza adzayatsa zonse ziwiri pofuna kuthandiza. Swichiyo iyeneranso kudula mawaya onse awiri, wa live ndi wa neutral. Mmisiri amene wadula live yekha, neutral n'kuimanga pamodzi, ntchito sanaimalize.

Palinso swichi zodzisintha zokha, zimene zimadikira masekondi angapo kuti jenereta ikhazikike zisanailandire. Zili bwino, koma basi imagwedezeka pamsewu, timasikuluu togwira mawaya timamasuka, ndipo waya womasuka amatentha. Kabokosi kameneka kamafunika kutsegulidwa ndi kumangidwanso nthawi ndi nthawi, magetsi onse atazulidwa. Inverter ya mabatire ndi gwero lachitatu, ndipo lamulo lake ndi lomweli. Zina, monga MultiPlus ya Victron, zili ndi swichi yake m'kati, koma yotchipa yogulidwa pa intaneti n'kuilumikiza m'soketi ya basi ndi nthambo ya mapulagi awiri ija yangosintha dzina.

Ndondomeko yosinthira siisintha, kaya swichi ndi ya mtundu wanji. Zodya magetsi ambiri zithimitsidwe kaye: ketulo, hita, hotipuleti. Polumikiza ku chipilala, nthambo iyambe yalowa kubasi kenako kuchipilala, ndipo pozula ayambe kuchipilala, kuti munthu asayende ndi nthambo ya moto m'manja pa udzu wonyowa. Nthamboyo, imene nthawi zambiri imakhala ya mamita 25, itambasulidwe yonse, chifukwa yokulungidwa imatentha mpaka kusungunuka. Jenereta ilire yopanda katundu kwa mphindi zochepa isanapatsidwe ntchito, ndipo ichotseredwe katundu isanathimitsidwe. Petulo athiridwe injini itazizira.

Kenako pali masamu amene Mmalawi aliyense wophika nsima ayenera kuwadziwa. Chipilala cha ma amp 16 chimapereka mawati 3,680, ndipo malo ambiri amangopereka ma amp 10, omwe ndi mawati 2,300. Ketulo ya m'nyumba za ku Britain imadya mpaka mawati 3,000 payokha. Jenereta yaing'ono yotchuka ya Honda EU22i imafika pa mawati 2,200 kwa kanthawi, koma yogwira tsiku lonse ndi 1,800. Choncho zimene zinkayaka pamodzi pachipilala sizingayake zonse swichi ikapita ku jenereta. Madzi a nsima pa hotipuleti, hita ili chiyakire, wina n'kuyatsa ketulo ya tiyi: jenereta imatsamwa, ufa usanalowe n'komwe m'poto.

Nkhani yovuta kwambiri, imene ngakhale amisiri ena a m'nyumba amapunthwa nayo, ndi ya earth. M'basi muyenera kukhala RCD ya 30 mA, kachipangizo kamene kamadula magetsi nyesi ikayamba kutayikira pathupi la munthu kapena pachitsulo. Kuti RCD igwire bwino, neutral ndi earth ziyenera kulumikizana malo amodzi okha, kumene magetsi akuchokera. Pa magetsi a kampani, zimenezi zinachitika kale kunja kwa basi, ndiye m'basimo siziyenera kulumikizidwanso. Koma majenereta ang'onoang'ono ambiri amatuluka kufakitale neutral yake isanalumikizidwe ku earth, ndipo RCD imene imadula bwinobwino pachipilala ikhoza kungokhala chete pa jenereta. Kabatani koyesera kakhoza kudulabe, mwini wake n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Kulumikiza kumeneku kuyenera kuchitikira mbali ya jenereta, osati m'bokosi la mafyuzi la m'basi, ndipo n'chifukwa chake swichi ija imafunika kudulanso neutral. Basi ndi chitsulo chokhachokha choima pa matayala a labala. Waya akakhudza thupi lake popanda earth yabwino, nyesi imadikira munthu wogwira chitseko phazi lili pansi. Aliyense amene wamva kunyerenyetsa pogwira chitseko azule magetsi nthawi yomweyo, asadikire Loweruka.

Kuima pakhomo pa mnzathu n'kukoka nthambo kudzera pawindo la kukhitchini nakonso kuli ndi msampha wake. Nyumba zambiri ku Britain zili ndi earth ya mtundu wa PME, imene malamulo a mu 2002 amaletsa kuti kampani ya magetsi iilumikize ku chitsulo cha kalavani kapena boti. Achimwene amene apereka malo mwa chifundo sadziwa zimenezi, ndipo sangaimbidwe mlandu. Wofunika kufunsa mmisiri ndi mwini basi.

Utsi ndiye umapha mwakachetechete. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo kapena mtundu, ndipo aliyense amene anakulira kwathu anamvapo za banja limene linagona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa Juni. Jenereta siikhala m'basi, m'malo a katundu kapena pansi pa basi pobisalira mvula kapena akuba. A CPSC amati ikhale mamita pafupifupi 6 kuchokera pogona, utsi ukulozera kwina. Alamu ya utsiwu yoyenera galimoto yogonamo ndi yolembedwa EN 50291-2.

Akamberembere nawo akudyerapo. Pa Facebook pamatsatsidwa mabasi olembedwa kuti magetsi anatha kale, ndipo wogulitsa amafuna dipoziti munthu asanaione basiyo. Ena alipodi ndi basi, koma ukafunsa pepala la magetsi amasintha nkhani. Magetsi a m'galimoto yogonamo ali ndi gawo lakelake m'malamulo a BS 7671, gawo 721, ndipo amalangiza kuti aziyesedwa pasanathe zaka 3 zilizonse, kapena chaka ndi chaka ngati galimotoyo ikugwira ntchito kawirikawiri. Basi yogonamo tsiku ndi tsiku ili m'gulu lachiwirili. Mmisiri weniweni amapezeka m'kaundula wa NICEIC kapena NAPIT, ndipo amasiya pepala losainidwa. Mnyamata wa kutchalitchi amene ankakonza mawailesi ku Limbe akhoza kukhala waluso ndithu, koma moto ukabuka a inshuwalansi adzafunsa pepala, ndipo adzafunsanso ngati anauzidwa kuti basi inasinthidwa.

Chimene chimakankhira anthu ku madulira n'chodziwika. Mwezi umene munthu wasunga ndalama ya mmisiri ndi womwewo foni imalira kuchokera kumudzi: feteleza wakwera, fizi ya mphwake, malata a agogo. Chithunzi cha basi chikangofika pa WhatsApp ya banja, amalume amayamba kuwerengera kuti mwana wawo tsopano ali ndi kampani ya mabasi ku Ulaya. Palibe amene amafuna kufotokoza kuti basiyo ndiye chipinda chogona. Ndalama ya swichi imapita kumudzi, nthambo ya mapulagi awiri n'kutsala ikugwira ntchito "mpaka mwezi wamawa".

Kwa amene ali ku South Africa, kumene kuthima kwa magetsi a Eskom kunafika poipa mu 2023, lamulo la jenereta ndi lomweli, ndipo ntchito yolumikiza jenereta kunyumba imafuna Certificate of Compliance motsatira SANS 10142-1. Ku America, kumene mabasi achikasu a sukulu ndi amene amasandutsidwa nyumba, soketi ya ma amp 30 ya TT-30 ndi ya mavoti 120 okha. Imafanana ndi ya makina oumitsira zovala ya mavoti 240, ndipo mmisiri wosazolowera akailumikiza molakwika, zipangizo za m'basi zimapsa nthawi imodzi.

Ku Britain kwatsala mapepala a galimoto yeniyeniyo. Kusintha chiwerengero cha mipando kumafuna kudziwitsa a DVLA kuti pepala la V5C likonzedwe, ndipo kuyambira mu 2019 sakulembanso mwachisawawa galimoto yosinthidwa kuti ndi motor caravan. Laisensi ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha kuchokera pamene munthu wakhazikika m'dzikomo, ndipo siisinthidwa ndi ya ku Britain monga zimachitikira ndi ya ku South Africa kapena Zimbabwe. Munthu akakhoza mayeso a ku Britain, laisensi ya B imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500. Basi yolemera kuposa pamenepo imafuna C1, yomwe imafika pa 7,500, ndipo kulemerako amawerengera pamodzi ndi mabatire, thanki ya madzi ndi jenereta imene.