Masabata Angapo ku Egypt: Mafunso a Wokonzekera Ulendo

Ndikhale nthawi yaitali bwanji?

Masabata atatu ngati mukufuna Cairo, Luxor, Aswan ndi oasis imodzi, ndiko kuti mudzi wa pa akasupe m'kati mwa chipululu. Mapu a dzikoli amanyenga. Malo otchuka amaoneka ngati andanda pafupipafupi m'mbali mwa Nile, koma sitima yonyamuka ku Cairo madzulo imafika ku Aswan dzuwa litakwera kale, ndipo Siwa ili kumbali kwina, kufupi ndi malire a Libya. Othamangira malo khumi m'masiku khumi amabwerako ali wefuwefu, akachisi onse atasokonekera m'mutu. Chepetsani malo, onjezani masiku.

Miyezi yabwino ndi iti?

Kuyambira Okotobala mpaka kumayambiriro kwa Malichi. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kutentha ku Luxor ndi ku Aswan kumapyola madigiri 40, ndipo pa mabwinja mthunzi ndi wosowa. Pakati pa Malichi ndi Meyi kumawomba khamsin, mphepo yotentha yafumbi imene imatha kuphimba dzuwa. Komanso musanyozere chisanu: mu Disembala ndi Januwale usiku wa m'chipululu umazizira kufika pafupi ndi digiri 0, choncho juzi yochindikala ndi chipewa zikhale m'chikwama. Onaninso tsiku loyamba Ramadan, pakuti limasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. M'mwezi umenewo malo ambiri odyera amatseka masana, koma usiku misewu imadzaza ndi nyali ndi chakudya.

Ku Cairo kuli chinanso kupatula mapiramidi a ku Giza?

Kuli zambiri, moti masiku asanu sachuluka. Ku Giza pitani m'mamawa mabasi a alendo asanafike. Piramidi ya Khufu inamangidwa zaka zoposa 4,500 zapitazo, ndipo poyamba inali yaitali mamita 146. Chapafupi pali Grand Egyptian Museum, imene inatsegulidwa yonse mu Novembala 2025 ndipo muli chuma cha m'manda a Tutankhamun. Imeneyi ipatseni tsiku lakelake.

Koma tsiku limene ndingakuumirizeni ndi la ku Saqqara ndi Dahshur. Ku Saqqara kuli piramidi ya masitepe ya mfumu Djoser, ntchito ya mmisiri Imhotep, yakale kuposa za ku Giza. Ku Dahshur mumaona mmene amisiri a mfumu Sneferu anaphunzirira ntchito: piramidi yoyamba anaisintha kapendekedwe atafika pakati, n'chifukwa chake ndi yopindika, kenako n'kumanga yofiira yowongoka bwino. M'kati mwa yofiirayo mumatsika mutawerama, m'kanjira kotsetsereka ka mamita pafupifupi 60, manja pa zogwirira zamatabwa, mpweya uli wolemera. Mukafika pansi mumaweramuka m'chipinda chachitali chimene miyala yake imanka ikuyandikana mpaka kudenga. Ntchafu zimawawa mawa lake, koma alendo kumeneko ndi ochepa.

Mumzinda, onani mzikiti wa Ibn Tulun wa m'zaka za m'ma 870, wa Al-Azhar, msika wa Khan el-Khalili ndi matchalitchi akale a Akhristu a Chikoputiki.

Kummwera ndipite pa sitima, pa ndege kapena pa madzi?

Kupita, kwerani sitima yogonamo kapena ndege. Pakati pa Luxor ndi Aswan ndi pamene madzi amakoma. Zombo zikuluzikulu zimayenda masiku atatu kapena anayi, n'kuima pa akachisi a Edfu ndi Kom Ombo. Dahabiya ndi chombo chaching'ono cha matanga, chodula koma chabata. Felucca ndi bwato la matanga lotsika mtengo, mumagona pamatiresi pabwalo pake, ndipo ambiri alibe chimbudzi.

Ku Luxor ndiyambire pati?

Gonani kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje, kumene kuli manda, kuti muzifika dzuwa lisanapse. Tikiti wamba ya ku Valley of the Kings imakulowetsani m'manda atatu okha. A Tutankhamun, amene Howard Carter anawapeza mu 1922, ndi a Seti I ali ndi matikiti apadera. Ndalama zikalola, sankhani a Seti I.

Musadumphe Deir el-Medina, mudzi wa amisiri amene ankakumba ndi kupenta manda a mafumuwo. Manda awoawo ndi ang'onoang'ono, koma utoto udakali wowala: m'manda a Sennedjem mumamuona akulima ndi ng'ombe, mkazi wake akufesa pambuyo. Anthu a m'mudzi umenewu ananyanyala ntchito m'nthawi ya Ramesses III chifukwa tirigu wa malipiro awo anachedwa. Kachisi wa Karnak, ndi nsanamira zake 134, ndi wa madzulo.

Abu Simbel ndi kutali. N'koyenera kuvutikira?

Inde. Ndi maola atatu kapena anayi pa galimoto kuchoka ku Aswan. Akachisi awiri a Ramesses II anawadula m'zidutswa n'kuwakweza pamtunda pakati pa 1964 ndi 1968, kuti asamizidwe ndi Lake Nasser damu la Aswan likumangidwa. Ambiri amanyamuka m'bandakucha n'kubwerera masana. Mukagona komweko, madzulo mumakhala ndi akachisiwo pafupifupi nokha. Pa 22 Febuluwale ndi 22 Okotobala dzuwa limawalira mpaka m'chipinda cham'kati, ndipo khamu limachuluka.

Pa ma oasis onse, ndisankhe iti?

Ngati ndi imodzi yokha, Siwa, ndipo musaipatse masiku ochepera anayi, poti basi yochoka ku Cairo kudzera ku Marsa Matruh imadya usiku wonse. Anthu a kumeneko ali ndi chilankhulo chawo, Siwi, cha mtundu wa Amazigh, ndipo moyo wawo wagona pa kanjedza ndi maolivi. Pakati pa tauni pali Shali, linga lomangidwa ndi kershef, dothi losakaniza ndi mchere. Mvula yamphamvu ya mu 1926 inalisungunula, lero likuoneka ngati chulu chokokoloka. Alexander the Great anadutsa chipululu mu 331 BC kudzaombeza pa kachisi wa Amun, ndipo mabwinja ake alipobe. Bwerekani njinga, muzungulire m'minda, mukasambe m'maiwe amchere mmene thupi limayandama lokha. Mukatuluka tsukani ndi madzi abwino, mcherewo umaluma pa kabala kalikonse.

Bahariya ili pafupi, maola anayi kapena asanu kuchoka ku Cairo, ndipo ndi polowera ku White Desert, kumene mphepo inasema miyala yoyera ya choko. Kumeneko mumagona panja. Dakhla ndi Kharga ndi za munthu wa mwezi wathunthu: kuli mudzi wakale wa zidina wa Al-Qasr, kachisi wa Hibis ndi manda a Akhristu oyambirira a ku Bagawat.

Ndingalowe m'chipululu ndekha?

Ayi. Pamafunika wotsogolera wovomerezeka, galimoto ya 4x4 ndi chilolezo. Mu Seputembala 2015 asilikali anawombera molakwitsa gulu la alendo kufupi ndi Bahariya, anthu 12 n'kufa, ambiri a iwo a ku Mexico. Funsani wotsogolerayo akuonetseni chilolezocho musanakwere. Pa marodibuloko sungani pasipoti pafupi, musajambule asilikali, ndipo drone isiyeni kunyumba. Kumpoto kwa Sinai musapiteko.

Za ndalama?

Malo ambiri a mabwinja tsopano amalandira khadi basi, choncho uzani banki yanu musananyamuke. Komabe khalani ndi mapaundi a ku Egypt ang'onoang'ono a baksheesh, kangachepe kopatsa mlonda, wonyamula katundu ndi wa pachimbudzi. Mtengo wa ngamila, felucca kapena takisi mugwirizane musanakwere, mutchule kuti ndi mapaundi a ku Egypt, ndiponso kuti ndi wopita ndi kubwerera.

Thanzi ndi kavalidwe?

Imwani madzi a m'botolo pafupipafupi, osadikira ludzu, ndipo nyamulani ORS. Musasambe m'ngalande kapena m'madzi odekha a Nile, muli likodzo. Koshari, ful ndi taameya zimakhutitsa pa mtengo wotsika. Karkade ndi chakumwa cha chidede. Valani zophimba mapewa ndi mawondo, makamaka ku Siwa kumene anthu amasunga mwambo kwambiri, ndipo amayi a kumeneko musawajambule. Amayi oyenda okha, sitima ya pansi ya ku Cairo ili ndi mabogi a amayi okhaokha.

Mapepala otani ochoka nawo kuno ku Malawi?

Pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndi viza. Ya alendo kawirikawiri imakhala ya masiku 30, ndiye wa ulendo wautali awerenge masiku bwino. Ofesi ya kazembe wa Egypt ili ku Lilongwe. Funsani kumeneko musanagule tikiti ya ndege. Ngati mukudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, tengani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever.