Thandizani mwana kudziwa mawu ofotokoza zinthu

Mwana akamayamba kuyankhula amatsogoza mayina: amama, madzi, nsima, galu. Kenaka amagwira mawu a zochita monga bwera, tenga, taya. Amene amabwera pambuyo ndi mawu ofotokoza mmene chinthu chilili: chachikulu, chotentha, chowawa, chofiira. Kusukulu mawu amenewa amatchedwa afotokozi, koma mwana wa zaka zitatu alibe nalo ntchito dzina limenelo. Chimene akufunika ndi kumawamva mawuwa tsiku ndi tsiku pa zinthu zimene akuziona ndi kuzigwira, kufikira atayamba kuwatchula yekha.

Mawuwa amachedwa pa chifukwa chomveka. Mukaloza kapu n'kunena kuti "kapu", mwana amaona chimene mukunena. Koma mukaloza kapu yomweyo n'kunena kuti "yofiira", iye sadziwa ngati mukunena chogwirira chake, madzi ali m'katimo, kapena dzina lina la kapuyo. Kufiira sikunyamulika pakokha kuti mum'patse m'manja. Choncho muonetseni zinthu ziwiri za mtundu umodzi zimene zikusiyana pamodzi pokha. Makapu awiri ofanana, koma imodzi yofiira, inayo yobiriwira. Mbatata ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Mukam'patsa mpira waukulu wofiira ndi supuni yaing'ono yoyera mwasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo mwana sangadziwe kuti liwu lanulo likugwira pati. Zonse zimene ndikulangiza pano zatsamira pa mfundo imeneyi.

Simukusowa kugula kanthu. Kukhitchini kokha kuli zokwanira chaka chonse. Thirani madzi ofunda m'kapu imodzi, a mumtsuko m'kapu ina, mwana aviike chala uku ndi uku, inu mukunena kuti: "Awa ndi ofunda. Awa ndi ozizira." Liwu loti "chotentha" aliphunzire ataima patali ndi mbaula, chifukwa poto wa pamoto ndi tiyi wongophulidwa kumene si zophunzitsira mwana. Pa nthawi ya chakudya, musiyeni atsine nsima ya dzulo ndi ya lero, amve yekha yolimba ndi yofewa.

Pa kakomedwe ka zakudya ndi pamene ambirife timam'mana mwana mawu. Chilichonse timangoti "chokoma" kapena "choipa", chikhalirecho lilime limasiyanitsa zambiri. Nzimbe ndi yotsekemera, kapena yozuna monga anenera ena. Mandimu ndi malambe ndi owawasa. Tsabola wa kambuzi ndi wowawa. Ndiwo zimene mchere wachepa ndi zosakolera. Mulawitseni kachidutswa ka ndimu, ndipo nkhope ikangokwinyika, pomwepo m'patseni liwu lake: "Lowawasa eti?" Liwu limene lafika pamene lilime likumva kanthu silichedwa kukhazikika. Tsabola yekha musam'lawitse, ingomuuzani. Nyengo ya mango, cha m'Novembala ndi Disembala, ikani bango laliwisi ndi lakupsa pamphasa. Kwa mwana wamng'ono sankhani liwu limodzi patsiku, lero "lolimba" ndi "lofewa", mawa "lobiriwira" ndi "lachikasu". Wa zaka zinayi kapena zisanu angathe kukuuzani yekha kusiyana konse, ndipo mum'lole atero ngakhale akuchedwa.

Pochapa, zovala za m'beseni ndi zonyowa, za pachingwe ndi zouma. Kumjigo, ndowa yodzaza ndi yolemera, yopanda kanthu ndi yopepuka. Anyamule kachigubu kake kamodzi kali ndi madzi, kenaka kopanda madzi. Kumsika kuli usipa wouma ndi wauwisi, mulu waukulu ndi waung'ono.

Mwana amamva liwu asanayambe kulitchula, ndipo njira yabwino yodziwira ngati walimva ndi kum'tuma. "Chisomo, kanditengere mthiko wautali." Akabwera ndi waufupi musam'kalipire. Ulandireni, n'kunena kuti: "Uwu ndi waufupi. Wautali uli m'dengu, tiye tikauone." Mukafika, igwirizitseni mithiko iwiriyo aone pamene wina wathera ndi pamene wina wapitirira.

Tsopano pali mbali imene imavutitsa ana a Chichewa makamaka, ndipo makolo ambiri sazindikira kukula kwa ntchito imene mwana akugwira pamenepa. M'chiyankhulo chathu mfotokozi amasintha mutu wake potsata dzina limene akulifotokoza. Timati mwana wamkulu, mtengo waukulu, dengu lalikulu, chimanga chachikulu, mbale yaikulu, nkhuku zazikulu, madengu aakulu. Tikachepetsa timati kamwana kakang'ono, tiana tating'ono. Kwa wamkulu zimenezi zimangotuluka pakamwa osaganizira. Koma kwa mwana, "lalikulu" ndi "zazikulu" poyamba zimamveka ngati mawu awiri osiyana, ndipo pamatenga nthawi kuti khutu lake ligwire kuti tsinde lake ndi limodzi. N'chifukwa chake mudzamva mwana akuti "dengu yaikulu" kapena "mtengo wamtali", kutengera "munthu wamtali" amene anamva dzulo. Kulakwitsa kotereku ndi chizindikiro chabwino: mwana wagwira kale tanthauzo, watsala ndi kugwirizanitsa.

Mankhwala ake ndi awiri. Choyamba, musamatchule mfotokozi payekha. Muzimutchula pamodzi ndi dzina lake. M'malo mongoti "chachikulu", nenani kuti "chipande chachikulu", kuti khutu la mwana lizolowere kumva "chi" akubwerezedwa. Tengani liwu limodzi n'kuyenda nalo pakhomo ponse tsiku limenelo: mpando waufupi, tsache lalifupi, chingwe chachifupi, ndodo yaifupi. Chachiwiri, akalakwitsa musam'seke, ndipo abale ake aakulu muwaletse kum'bwereza monyoza. Ingoyankhani ndi mawu olondola ngati mukuvomereza. Iye akati, "Amama, dengu yaikulu!" inu muti, "Eya mwanangu, dengu lalikulu. Dengu lalikulu la agogo." Wamva zolondola kawiri, ndipo sanachite manyazi. Mwana amene amasekedwa akayankhula amasankha kukhala chete, ndipo mwana wokhala chete saphunzira mawu.

Mawu amene amabwereza mutu kawiri, monga "chachikulu", ndi ochepa: -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi, -wisi, -kazi, -muna ndi ena owerengeka. Ochuluka amachokera ku zochita, monga kutentha, kuuma ndi kulemera, ndipo amenewa ndi osavuta kwenikweni chifukwa mwana amatha kuona chinthucho chikuchitika. Malaya akuuma padzuwa, madzulo asanduka malaya ouma. Nthochi ikupsa m'dengu, mkuja yasanduka nthochi yakupsa. Muonetseni zonse ziwiri, kuchitika kwake ndi zotsatira zake.

Pofunsa mafunso, pewani kum'sandutsa mwana wolemba mayeso. Funso loti "Ichi n'chotani?" ndi lotakata kwambiri kwa wa zaka ziwiri kapena zitatu. M'patseni zosankha: "Ukufuna nthochi yaikulu kapena yaing'ono?" Mawu onse awiri mwam'patsa kale, ndipo ali ndi chifukwa chenicheni choyankhira popeza nthochiyo adya. Akakula pang'ono, muonetseni kuti ukulu umadalira chimene wayandikana nacho. Mbuzi ndi yaikulu kuposa nkhuku, koma pafupi ndi ng'ombe ndi yaing'ono. Iye mwini ndi wamtali kuposa mng'ono wake, wamfupi kwa achimwene ake. Aimitseni ana pakhoma n'kulemba ndi khala pamene mutu wa aliyense wafika.

Mitundu ya zinthu imachedwa kuposa ukulu ndi kutentha, kotero musade nkhawa ngati wa zaka zitatu akutchula chilichonse kuti chofiira. Yambani ndi mtundu umodzi kwa masiku angapo: tomato wofiira, chitenje chofiira, dothi lofiira la katondo. Mbendera ya Malawi imapereka mitatu pamodzi, wakuda, wofiira ndi wobiriwira. M'nyumba mmene mumakonda mpira, mwana sachedwa kudziwa kuti Bullets imavala zofiira, Wanderers za buluu. Posankha nyemba, m'patseni wa zaka zinayi mbale ziwiri, zofiira uku, zoyera uku. Koma wosakwana zaka zitatu musam'patse nyemba, amaziika m'mphuno ndi m'kamwa. Chenjerani ndi mawu awiri awa: "choyera" ndi "chakuda". Timawagwiritsa ntchito ponena mtundu komanso ponena ukhondo, ndiye mwana amasokonezeka akamva kuti malaya ake ofiira "ada". Pa masiku amene mukuphunzitsa mitundu, chovala chofunika kuchapa muzichitchula kuti "chalitsiro". Ndipo musaiwale timawu tathu tokometsera tija, pakuti ana amatikonda ndi kutigwira msanga: ufa woyera kuti mbee, mphika wakuda kuti bii, maso ofiira kuti psuu, munda wobiriwira kuti biriwiri, uchi wotsekemera kuti tseketseke.

Madzulo mukakhala pakhonde, tengani thumba la nsalu muikemo mwala, thonje, supuni ndi chitsononkho. Mwana apise dzanja osayang'ana, anene chimene akumva: cholimba, chofewa, chosalala, chokhakhala. Ndagi za pakhomo nazonso n'zothandiza, zopeka nokha: "Ndikuona kanthu kakang'ono, koyera, kozungulira, kali m'chisa." Akapeza kuti ndi dzira, nthawi yake yakwana yoti akufunseni inu, ndipo apa ndi pamene amagwira ntchito yeniyeni, chifukwa ayenera kusaka yekha mawu ofotokozera. Agogo akamasimba nthano za Kalulu wochenjera ndi Fisi wadyera, mufunseni pambuyo pake kuti Fisi anali wotani, nanga n'chifukwa chiyani akutero.

Zimenezi si zokometsera chabe. Mwana amene angathe kunena kuti "ndaona njoka yaitali yakuda kuseri kwa nkhokwe", kapena "ndamwa mankhwala oyera a m'botolo laling'ono", wapereka uthenga umene ungapulumutse moyo. Kusukulu nakonso amafika wokonzeka. Ku Malawi mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme yolimbikitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyambirira. Koma m'sukulu zambiri kalasi imodzi imakhala ndi ana ochuluka, nthawi zina kupitirira 100, ndipo mphunzitsi sangaike bango m'dzanja la mwana aliyense. Ntchito imeneyo imatheka pakhomo ndi kumkombaphala. Mwana amene akudziwa kale cholemera ndi chopepuka m'chiyankhulo chake, pa Chingerezi amangophunzira liwu latsopano, tanthauzo ali nalo kale. Makolo amene mukulera ana ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, kumene Chingerezi chimam'zungulira mwana tsiku lonse, muzimaliza chiganizo chonse m'Chichewa mukachiyamba m'Chichewa. Kugwirizana kwa mawu kuja sakakumva kwina kulikonse ngati sakumva kwa inu.

Pali mawu ena ofotokoza amene mwana amaphunzira popanda womuphunzitsa, ndipo ndi amene timam'tchula nawo iye mwini. "Mwana wopusa iwe." "Waulesi." "Wonyansa ngati bambo ako." Mwana amene waphunzira kuti bango lakupsa ndi lofewadi, ndipo ndowa yodzaza ndi yolemeradi, amakhulupirira kuti mawu a amayi ake amanena zoona. Akamva kuti ndi wopusa, amalandira liwulo monga analandirira enawo. Akalakwa, fotokozani chimene wachita, osati iye: "Wataya madzi, pansi panyowa, tenga chikolopa." Khungu lake, lakuda kapena loyererako, lisakhale chotukwanira kapena choyamikira pomuyerekeza ndi m'bale wake. M'malo mwake m'patseni mawu onena za mumtima mwake: wokondwa, wokwiya, wotopa, wamantha, wanjala. "Ndikuona wakwiya chifukwa Mphatso watenga galimoto yako." Mwana amene ali ndi liwu loti "ndakwiya" ali ndi china chochita kupatula kuluma mnzake.

Ana sakula mofanana, ndipo amene akumva ziyankhulo ziwiri pakhomo amasakaniza mawu kwa kanthawi popanda vuto lililonse. Komabe pali zizindikiro zosafunika kudikira. Ngati mwana wakwanitsa zaka ziwiri koma sakutchula mawu, kapena sakuyamba kulumikiza mawu awiri monga "madzi ambiri", kapena satembenuka mukamuitana ali chofulatira, kanene kusikelo. Khutu lotuluka mafinya kawirikawiri limachepetsa kumva, ndipo matenda oumitsa khosi ndi malungo aakulu angathe kuwononga makutu. Ngati wafika msinkhu woyamba sukulu akudziwa mawu ena onse koma akusokonezabe chofiira ndi chobiriwira, mwina maso ake sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Zimenezi n'zobadwa nazo, zimapezeka kwambiri mwa anyamata, ndipo si ulesi kapena kusamva. Muuzeni mphunzitsi wake kuti asam'lange nazo. Pa zina zonsezi, tengani buku lake la kusikelo, mufotokozereni mlangizi wa zaumoyo kapena namwino zimene mwaona, ndipo pemphani kuti amuyeze makutu.