Kumasulira Nkhani za M'nyuzipepala Kuchokera m'Chingerezi: Masitepe Asanu ndi Atatu

Nkhani zambiri zokhudza anthu a ku Chileka, ku Lirangwe ndi midzi yozungulira zimayamba kutuluka m'Chingerezi. Mtengo wa feteleza wotsika mtengo, tsiku lotsegulira misika ya ADMARC, chenjezo la mvula yamkuntho, kukwera kwa mafuta komwe mawa lake kumakweza mtengo wa minibasi yopita m'tauni, zonsezi The Nation, The Daily Times ndi masamba a pa intaneti amazilemba m'chiyankhulo chomwe eni nkhaniwo ambiri sawerenga. Ndiye ntchito imagwera mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4, mlembi wa komiti ya chitukuko, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo. Amam'patsa foni n'kumuuza kuti, "Tatiuzani, akuti chiyani apa?"

Wofunsidwa chonchi wasenza udindo waukulu, pakuti iye akaphonya, onse omumvera aphonya naye limodzi. Malangizo awa ndi a munthu ameneyo. Athandizanso wophunzira yemwe akukonzekera mayeso a MSCE, chifukwa luso lomvetsa nkhani ndi kuifupikitsa ndi lomweli.

1. Sankhani nkhani, ndipo onani komwe yachokera

Poyamba musalimbane ndi ndemanga ya mkonzi kapena nkhani zazitali za bizinesi. Tengani nkhani yaifupi, ya ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi, yokamba zinthu zomwe mukuzidziwa kale: ngozi ya pamsewu, mpira, ulimi, sukulu. Mukadziwa nkhaniyo, mawu achilendo amadzimasulira okha.

Musanawerenge chiganizo n'chimodzi chomwe, onani zinthu ziwiri: dzina la nyuzipepala ndi tsiku. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamazungulira zithunzi za nkhani zakale ngati zatsopano. Mawu akuti "yesterday" amatanthauza dzulo la tsiku lomwe nyuzipepalayo inatuluka, osati dzulo lanu. Pomasulira, tchulani tsiku lenilenilo. Ngati nkhani ilibe tsiku kapena dzina la amene wailemba, auzeni omvera anu zimenezo musanayambe.

2. Mutu wa nkhani muusiye kaye

Mutu ndi womwe umawerengedwa koyamba, koma uzimasuliridwa komaliza. Mitu ya Chingerezi ili ndi malamulo akeake omwe sapezeka m'buku la galamala la kusukulu. Chinthu chochitika kale amachilemba ngati chikuchitika tsopano: "Police arrest two" ndiye kuti apolisi amanga kale anthu awiri. Kamawu kakuti "to" kamaloza kutsogolo: "Minister to visit Chileka" ndiye kuti nduna idzabwera, sinabwere ayi. Mawu ang'onoang'ono monga "is", "are" ndi "the" amawataya, ndipo chizindikiro cha koma (,) chimaimira "ndi".

Chifukwa malo ndi ochepa, akonzi amakonda mawu aafupi omwe munthu sangawamve pocheza. "Nab" ndi kugwira kapena kumanga, "hike" ndi kukweza mtengo, "probe" ndi kufufuza, "axe" ndi kuchotsa ntchito, "slam" ndi kudzudzula, "row" ndi mkangano, "vow" ndi kulonjeza motsindika. Mawu otere si ambiri. Gulani kope, muziwalemba pamene mwakumana nawo, ndipo pakatha mwezi mudzaona kuti akungobwerezedwa omwewo.

3. Funsani mafunso asanu ndi limodzi pa ndime yoyamba

Mtolankhani sayamba ngati wokamba nthano, amene amasunga chokoma kumapeto. Iye amaika chachikulu m'ndime yoyamba, zotsatira n'kumatsika kufunika kwake, kuti mkonzi akasowa malo adule kumunsi popanda kuwononga nkhani. Choncho werengani ndime yoyamba kawiri, kenaka lembani mayankho a mafunso awa m'Chichewa: Ndani? Wachita chiyani? Kuti? Liti? Chifukwa chiyani? Zinachitika bwanji?

Nachi chiganizo chongopeka choti tiyesere: "Five people were injured on Tuesday when a minibus they were travelling in overturned near Lirangwe Trading Centre along the M1 road, police have confirmed." Ndani? Anthu asanu. Chachitika n'chiyani? Avulala. Liti? Lachiwiri. Kuti? Pafupi ndi msika wa Lirangwe. Bwanji? Minibasi inagubuduzika. Chifukwa chiyani? Chiganizochi sichinanene, ndipo inunso musanene. Musawonjezere kuti dalaivala amathamanga kapena kuti tayala linaphulika, ngakhale mukuona kuti n'zomwe zimachitika kawirikawiri.

4. Dulani chiganizo, ndipo wonena mumuike patsogolo

Chingerezi cha m'nyuzipepala chimalongedza zinthu zambiri m'chiganizo chimodzi, ndipo amene wanena nkhaniyo chimamuika kumapeto. Ife timafuna kudziwa kaye wonena, kenaka zomwe wanena. Chiganizo chija chimveke chonchi: "Apolisi atsimikiza kuti anthu asanu avulala pa ngozi ya minibasi. Minibasiyo inagubuduzika Lachiwiri pafupi ndi msika wa Lirangwe, mumsewu wa M1." Chiganizo chimodzi chasanduka ziwiri, palibe chomwe chatayika.

Chingerezi chimakondanso kusandutsa zochita kukhala mayina. Mukaona mawu ngati "the implementation of the programme" kapena "the distribution of relief maize", dzifunseni kuti akuchita ndani, ndipo bwezerani mneni: boma layamba kugwira ntchitoyo, akugawa chimanga cha thandizo. Ngati nkhaniyo sinatchule wochita, monga "the funds were stolen", nenani kuti ndalamazo zinabedwa, basi.

Samalaninso ndi "he" ndi "she". M'Chingerezi mawu awiriwa amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, pomwe kwathu "anati" ndi wa onse. Ngati m'nkhani muli anthu awiri, bwerezani dzina kapena udindo: mneneri wa apolisiyo anati, mayiyo anati. Mukapanda kutero, mawu a wina amveka ngati a mnzake.

5. Musasinthe mulingo wa kutsimikiza

Apa m'pamene womasulira angawononge mbiri ya munthu. Nyuzipepala imasiyanitsa chomwe chatsimikizika ndi chomwe chikungonenedwa, ndipo kusiyanako kumabisala m'mawu aang'ono: "alleged", "reportedly", "suspected", "claims". Chichewa chili ndi zida zokwanira: akuti, zikumveka kuti, akumuganizira kuti, malinga ndi apolisi, iye akunena kuti. Mukasiya kamawu kamodzi kotere, mwaweruza munthu yemwe khoti silinamuweruze. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa.

Nkhani za milandu zimayenda motsatana, ndipo sitepe iliyonse ili ndi mawu ake. "Arrested": amugwira, ali m'manja mwa apolisi. "Charged": amutsegulira mlandu. "Pleaded not guilty": waukana mlanduwo. "Granted bail": watuluka pa belo, koma mlandu ukadalipo. "Remanded": akusungidwa pa rimandi, mwina ku ndende ya Chichiri, podikira mlandu. "Convicted": khoti lamupeza wolakwa. "Sentenced": khoti lapereka chilango. "Acquitted": khoti lamupeza wosalakwa. Kungoti "amumanga" pa zonsezi ndiko kusokoneza anthu, chifukwa mawu amenewa kwathu amanena wogona usiku umodzi m'chitokosi komanso wogamulidwa zaka khumi.

Chimodzimodzinso pa ngozi. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, malipoti a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ankasiyanitsa omwalira, ovulala, osowa ndi osowa pokhala. "Missing" ndi munthu yemwe sakudziwika komwe ali; "displaced" ndi yemwe wathawa kwawo chifukwa nyumba yagwa kapena yamira; "feared dead" ndiye kuti pali mantha kuti wamwalira. Kwa banja lomwe likudikira uthenga wa m'bale wawo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu zedi.

6. Manambala muwagwire ndi manja awiri

Werengani nambala iliyonse kawiri ndipo muilembe m'zilembo za manambala. Miliyoni ili ndi maziro asanu ndi limodzi, biliyoni ili ndi asanu ndi anayi. K2 biliyoni ndi K2,000 miliyoni. Vuto losokoneza manambala aakulu si lathu lokha. Ophunzira Chingerezi a ku China amavutika chimodzimodzi chifukwa chiyankhulo chawo chimawerenga m'magulu a 10,000, moti miliyoni imodzi kwa iwo ndi magulu 100 otere.

Onetsetsani "by" ndi "to". "Increased by K500" ndiye kuti pawonjezeka K500. "Increased to K500" ndiye kuti mtengo watsopano ndi K500. Pa maperesenti, perekani chitsanzo chooneka. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya Kwacha ndi 44 peresenti. Kungonena choncho sikuthandiza wogulitsa tomato. Muuzeni kuti dola imodzi yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700, ndipo n'chifukwa chake katundu wochokera kunja, monga mafuta ndi feteleza, anakwera.

Msampha wina ndi wakuti "inflation has dropped". Ambiri amamasulira kuti mitengo yatsika, omvera n'kupita kumsika kukapeza kuti sopo wakweranso. Tanthauzo lake ndi lakuti mitengo ikukwerabe, koma liwiro lake lachepa. Ndipo nkhani za ulimi zikatchula mahekitala, kumbukirani kuti alimi athu amayeza m'maekala: hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Tani imodzi ya chimanga ndi matumba 20 a makilogalamu 50.

7. Mabungwe, maudindo, zining'a ndi ulemu

Zidule za mayina a mabungwe zisiyeni momwe zilili, koma mukazitchula koyamba nenani ntchito yake, monga amachitira owulutsa nkhani pa wailesi: bungwe lothana ndi katangale ndi ziphuphu la ACB, bungwe loyendetsa zisankho la MEC, bungwe lotolera misonkho la MRA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA, bungwe loyendetsa mayeso la MANEB. Maudindo ambiri ali kale ndi mawu omwe anthu anawazolowera: bwanamkubwa, phungu, khansala, nduna, mlembi wamkulu mu unduna, mneneri, mfumu yaikulu. Musapeke atsopano pomwe akale alipo.

Zining'a za Chingerezi musazitsate liwu ndi liwu. "Given the green light" ndi kuvomerezedwa. "Under fire" ndi kudzudzulidwa kwambiri, palibe moto kapena mfuti. "Kicks off" nthawi zambiri ndi kuyamba chabe, ngakhale nkhani isali ya mpira. Funsani kuti wolemba akutanthauzanji, ndipo nenani zimenezo mosazungulira. Musathamangirenso kulowetsa miyambi yathu pomwe mtolankhani sanaike mwambi. Nkhani si ulaliki.

Chingerezi chimatchula munthu wamkulu ndi dzina la bambo ake lokha popanda kulakwa. Kwathu zimenezo ndi mwano. Ikani "a" patsogolo pa dzina, ndipo mneni atsate ulemuwo: a Phiri anena, a mfumu apempha. Pa maliro nenani kuti amwalira kapena atisiya. Koma ulemu usafewetse nkhani: ngati nyuzipepala yati bwana wachotsedwa ntchito, musati apuma.

8. Werengani mokweza, kenaka yerekezani

Mukamaliza kulemba, ikani Chingerezi chija pambali ndipo werengani Chichewa chanu mokweza. Pomwe lilime lakodwa kapena mpweya wakutherani, pamenepo pakadali Chingerezi chobisala, konzani. Kenaka bwererani ku nkhani yoyamba ndi cholembera, muone mayina, masiku, manambala ndi mawu a "akuti" amodziamodzi. Tsopano lembani mutu, waufupi, wonena zomwe zachitika.

Womasulira wina wotchuka wa ku China, Yan Fu, analemba mu 1898 kuti ntchitoyi ili ndi zovuta zitatu: kukhulupirika ku zomwe zalembedwa, kumveka bwino, ndi kukoma kwa mawu. Pa nkhani za m'nyuzipepala tsatani ndondomeko yomweyo. Ngati kukoma kukulimbana ndi zoona, siyani kukomako.

Aphunzitsi aulere muli nawo. Werengani nkhani m'Chingerezi m'mawa, muimasulire, kenaka madzulo mumvere momwe MBC, Zodiak kapena Times akuinenera m'Chichewa. Onaninso Tamvani wa mu Weekend Nation, Fuko ndi Boma Lathu mukazipeza. Simudzagwirizana nawo pa chilichonse, ndipo nthawi zina inu ndi amene mudzakhoze, koma kusiyanako kudzakuphunzitsani. Pa matanthauzo ndi kalembedwe, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba komanso dikishonale ya Chingerezi ndi Chichewa ya Steven Paas ndi othandiza. Mapulogalamu omasulira a pa foni agwiritseni ntchito pofufuza liwu limodzi, koma musawakhulupirire pa nkhani yonse, chifukwa amaphonya kawirikawiri pa zining'a ndi pa ulemu.

Yambani ndi ndime imodzi patsiku kwa milungu iwiri, kenaka nkhani yathunthu. Ngati muli awiri kapena atatu, aliyense amasulire payekha musanayerekeze. Mayeso omaliza ndi awa: werengerani munthu yemwe sadziwa Chingerezi, monga agogo anu kapena mnansi, ndipo mum'pemphe akufotokozereni zomwe wamva. Akatchula molondola amene wachita, zomwe wachita, nambala yake, ndiponso ngati nkhaniyo ndi yotsimikizika kapena yongomveka, mwamasulira. Akaphonya chimodzi, pezani chiganizo chomwe chamusocheretsa, muchilembenso.