Kalawidwe ka wisiki wa single malt

Mowa uwu sagugudiza. Malinga ndi malamulo a mu 2009, wisiki wotchedwa single malt Scotch amayenera kutchezedwa pa fakitale imodzi yokha ku Scotland, kuchokera ku chimera cha balere, kenako n'kugonekedwa m'migolo ya mtengo wa oak kwa zaka zosachepera 3. Ukali wake sutsika pa 40 peresenti. Zaka zolembedwa pabotolo, kaya 12 kaya 18, ndi za wisiki wamng'ono kwambiri amene alimo.

Pezani tambula yotupa m'mimba koma yopanikiza kukamwa, monga ya Glencairn, kuti fungo lisabalalike. Thirani masupuni aakulu awiri basi, n'kudikira mphindi zingapo. Mtundu wake usakutengeni mtima, chifukwa lamulo limalola kuthiramo kalamelo wosinthira maonekedwe.

Ntchito yaikulu ndi ya mphuno. Musailowetse m'tambula, mungatsamwe ndi ukali. Nunkhizani chapatali, kamwa ili yotsegula pang'ono, mupumule, mubwerezenso. Poyamba mumangomva mowa. Kachiwiri kapena kachitatu m'pamene zina zimatulukira. Wisiki wogonekedwa m'migolo yomwe munali bourbon wa ku America amanunkhira vanila ndi uchi. Wa m'migolo ya sherry wa ku Spain, monga Glenfarclas, amamveka mphesa zouma. Mukamva fungo la nthochi yakupsa, nenani nthochi, musachite manyazi ndi mawu a akatswiri.

Tsopano nyowetsani milomo. Kadontho kakhale palilime kwakanthawi, kazungulire m'kamwa monse, ndiye mumeze. Mukameza musafulumire kulankhula: mverani ngati kukomako kwatha msanga kapena kukukhalitsa kukhosi, ndiponso ngati kukusintha.

Kenako thirani madontho atatu kapena anayi a madzi osazizira, mununkhizenso. Madzi amafewetsa ukali n'kumasula fungo lomwe linabisala, makamaka pa mabotolo olembedwa cask strength omwe kawirikawiri amapitirira 55 peresenti. Ena amati kuthira madzi n'kuwononga, koma osakaniza wisiki ku Scotland amathira ndithu akamayesa. Ayezi ndiye amatseka fungo. Kukatentha mu Okutobala thirani ngati mwafuna, koma pamenepo mukumwa, simukulawa.

Ngati mabotolo alipo angapo, yambani ndi ofewa a ku Speyside monga Glenfiddich kapena The Glenlivet. A pachilumba cha Islay monga Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg akhale omaliza. Chimera chawo amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la zomera zovunda, ndipo fungo lake limakakamira ngati utsi wa nkhuni m'zovala. Mukayamba ndi amenewo, ena onse asuluka. Pakati pake tsukani m'kamwa ndi madzi, ndipo musalawe muli ndi njala.

Botolo liziima chilili, m'kabati mosafika dzuwa. Mukaligoneka ngati vinyo, mowa umadya chitsekerero. Wisiki sakula akalowa m'botolo, choncho lomwe latsala pang'ono musalisunge zaka: mpweya umachepetsa fungo lake.