Njinga yamoto ya agogo yagona m'chigafa zaka 12: tiyambire pati?

Mnyamata wina wa Fomu 3 wa kufupi ndi pa Kamwendo, kuno ku Mchinji, watifunsa funso lokoma. Akuti agogo ake aamuna, omwe kale anali alangizi a zaulimi, anasiya njinga yamoto ya Honda CG125 m'chigafa cha fodya, ndipo yatha zaka 12 osalira. Panopa amalume ake akufuna kuidzutsa kuti azinyamulira mtedza ndi soya kupita kumsika, koma ndalama imene ali nayo ndi yochepa. Anthu awauza kuti agule batire, kabuleta ndi pisitoni, zonse zatsopano. Ndiye mnzathuyu akufunsa kuti, "Tiyambe kugula chiti?"

Yankho lathu ndi lakuti musagule chilichonse kaye. Yambani mwayesa. Zimene mumachita mu labotale, kusintha chinthu chimodzi n'kuona zotsatira zake, ndi zomwezo zimene zingapulumutse ndalama ya amalume.

Injini imafuna zinthu zitatu

Honda CG125 inatuluka mu 1975, ndipo anaipangira mayiko ngati athu ano, kumene misewu ndi yafumbi komanso amakaniko ali kutali. Njinga zambiri za kabaza zochokera ku China zimene mumaziona pa Boma kapena pa Mkanda zili ndi injini yotengera pa imeneyi, n'chifukwa chake zipangizo zake sizisowa kwenikweni.

Injiniyi imagwira ntchito m'masitepe anayi, njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikonza mu 1876. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wosakanizana ndi petulo. Ikamakwera imaupanikiza mpweyawo mpaka kukhala m'kamalo kochepa pafupifupi ka 9 poyerekeza ndi poyamba. Kenako pulagi imathetheka, petulo n'kuyaka, ndipo mpweya wotenthawo umakankhira pisitoni pansi mwamphamvu. Pomaliza pisitoni imakweranso n'kutulutsa utsi.

Mwaona eti? Pakufunika zitatu basi: kupanikiza, moto wa pulagi, ndi petulo wosakanizana bwino ndi mpweya. Njinga ikakana kulira, chimodzi mwa zitatuzi chasowa. Ntchito yathu ndi kupeza kuti n'chiti.

Musathamangire kiki

Aliyense akaona njinga yakale mwendo umamuyabwa kuti aponde kiki. Dikirani. Pa zaka 12, oyilo yense amene ankateteza khoma la silinda anatsetserekera pansi, ndipo chinyezi cha nyengo ya dzinja chinalowa. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi okosijeni chimachita dzimbiri, Fe₂O₃ yokhala ndi madzi, monga munaphunzira mu Chemistry. Mukaponda mwamphamvu, maring'i a pisitoni amene anamatirira akhoza kuthyoka n'kukanda silinda. Pamenepo mwadzipangira vuto lodula limene panalibe.

Masulani pulagi, thirani supuni imodzi ya oyilo wa injini pabowopo, n'kusiya usiku wonse. Mawa lake kankhani kiki ndi dzanja pang'onopang'ono. Ikamayenda, nkhani yabwino imeneyo. Ikakana, onjezerani oyilo n'kudikiranso masiku awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsegulaninso bokosi la sefa ya mpweya. Makoswe amakonda kumangamo zisa, ndipo mavu omanga ndi dothi amatseka ekizozi.

Kuyesa koyamba: kupanikiza

Pulagi ili kunja chonchi, zimitsani switchi, tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu, mnzanu aponde kiki. Ngati mpweya ukukankha chalacho mpaka kumveka kuti "phu!", injini ikupanikiza. Ngati ukungopuma mofooka, pali pamene ukuthawira: mwina m'maring'i, mwina m'mavalavu.

Tingadziwe bwanji popanda kumasula injini? Thiraninso supuni ya oyilo n'kuyesanso. Oyilo amatseka kwakanthawi timipata ta m'mbali mwa pisitoni. Mphamvu ikakwera, vuto ndi maring'i. Ikapanda kusintha, kayikirani mavalavu. Nthawi zina valavu imangofuna kuitchuna kuti kampata kake kabwerere pa 0.08 mm, ntchito imene makaniko amaichita kanthawi kochepa. Supuni imodzi ya oyilo yakuuzani ngati pisitoni ndi yofunika kugula kapena ayi.

Tayambira pano dala, chifukwa mbali imeneyi ndiyo yodula. Ngati silinda inawonongekeratu, bola amalume adziwe asanaononge ndalama pa zina.

Kuyesa kwachiwiri: moto

Ambiri amaganiza kuti njinga singalire popanda batire. Pa CG125 yakale yoliza ndi kiki si choncho. M'mbali mwa injini muli gudumu lolemera lokhala ndi maginito, limene limazungulira pafupi ndi makoyilo a waya. Maginito akamadutsa pa waya amapangitsa magetsi kuyenda, mfundo imene Michael Faraday anaitulukira mu 1831. Koyilo ina imakweza magetsiwo kufika pa mavoti oposa 10,000, okwanira kudumpha kampata ka pulagi. Batire ntchito yake ndi ya hutala ndi maindiketa.

Batire yakaleyo inafa, zimenezo n'zoona. Batire ya mtovu ndi asidi ikakhala nthawi yaitali osatchajidwa, pa mapuleti ake pamamera timiyala tolimba ta PbSO₄ timene sitisungunukanso. Idzafunika ina, koma osati lero. Musaitayire m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, mtovu ndi poizoni.

Tsukani pulagi ndi burashi ya waya, onani kuti kampata kake ndi ka 0.6 mpaka 0.7 mm, ilumikizeni ku waya wake, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini. Gwirani pa labala pokha, apo ayi ikutchayani. Yatsani switchi, mnzanu aponde. Moto wabuluu wothetheka bwino ndiye tikufuna. Ngati palibe, bwerekani pulagi ya wakabaza amene mumadziwana naye n'kuyesa. Ikathetheka, gulani pulagi basi. Ikakananso, tsatirani mawaya: mwina makoswe anatafuna, mwina polumikizira pachita dzimbiri, ndipo sandipepa pang'ono amathetsa nkhaniyo.

Kuyesa kwachitatu: petulo ndi mpweya

Pa njinga zogona nthawi yaitali, vuto limapezeka kwambiri apa. Petulo ndi chisakanizo cha mahaidrokaboni osiyanasiyana. Opepuka amauluka msanga, olemera amatsala n'kusakanizana ndi okosijeni mpaka kusanduka zomata ngati ulimbo. Kuno kwathu palinso china. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo panopa amapangidwanso ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Pa njinga yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, koma m'thanki yongokhala, madziwo amadikha pansi n'kuyamba kudya chitsulo.

Khuthulani zonse za m'thanki. Ikanimo manati kapena timiyala toyera, gwedezani kuti dzimbiri lalikulu lichoke, kenako thiranimo viniga n'kusiya tsiku limodzi kapena awiri. Asidi wa mu viniga amasungunula dzimbiri n'kulisandutsa mchere wosungunuka m'madzi. Mukakhuthula, tsukuluzani ndi madzi osakaniza soda wophikira kuti asidi wotsala athe mphamvu. Inde, ndi ija ya asidi ndi besi imene imabwera pa mayeso a MSCE. Umitsani thankiyo padzuwa mwachangu chifukwa chitsulo chotsukidwa chimachita dzimbiri msanga.

Tsopano kabuleta. Mkati mwake muli njira ya mpweya imene imapanikizika pakati. Mpweya ukafika pothinapo umathamanga kwambiri ndipo mphamvu yake yokankha imatsika, ndiye petulo amakwera yekha kudzera pa kabowo kotchedwa jeti n'kumwazikira mumpweyamo. Kuti petulo apse bwino, galamu imodzi imafuna magalamu 14.7 a mpweya. Jeti yaing'ono, imene imagwira ntchito injini ikamalira njinga itaima, bowo lake silikwana ngakhale theka la milimita. Kaulimbo kochepa kamalitseka. Kabuleta yotere sinafe, yangotsekeka.

Masulani kambale ka pansi pake, tulutsani majeti, viikani mu petulo watsopano, n'kuwapopera mpweya ndi pampu ya njinga yakapalasa. Yang'anani padzuwa kuti kuwala kukudutsa. Musagwiritse singano kapena msomali, mukulitsa bowo, ndipo njinga izidzamwa petulo ngati ili ndi ludzu. Jambulani pa foni chilichonse musanamasule kuti musasokoneze pobwezera.

Musanalize, khuthulani oyilo wakale n'kuthira watsopano, pafupifupi lita imodzi. Chitirani zonsezi panja, kutali ndi mbaula ndiponso fodya wouma. Musalizire injini m'nyumba yotseka: utsi wake uli ndi CO, mpweya wopanda fungo umene umapha.

Ikalira, ndalama ipite kuti?

Apa ndiye pamene ndalama yosungidwa ija igwire ntchito. Labala amauma ndi kung'aluka ngakhale tayala lisanayende. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: 2311 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2011. Tayala la zaka zoposa 10 lisanyamule matumba a soya pa msewu wa M12, pamene pamadutsa malole opita ku Chipata. Matayala, machubu, mabuleki, zingwe za mabuleki ndi helemeti, izi musanyengerere. Penti ndi mpando wokongola zidikire chaka chamawa.

Osaiwalanso mapepala. Kuno kumalire njinga zambiri zimalowa kudzera pa Mwami, ndipo apolisi apamsewu amafunsa. Amalume afunefune bulubuku ya agogo, aone ngati nambala ya pa felemu ikugwirizana nayo, kenako apite ku ofesi ya Road Traffic kukakonza za umwini. Woyendetsa akhale ndi laisensi ndi inshuwalansi. Ndipo pamene zakukanikani, pitani kwa makaniko. Kusiyana kwake n'kwakuti mukafika mukudziwa kale chimene chavuta, ndiye simungagulitsidwe zosafunika.

Yesani izi

1. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 740. Kodi imafuna makilogalamu angati a mpweya kuti ipse bwino? Ngati lita imodzi ya mpweya imalemera magalamu 1.2, amenewo ndi malita angati? Mukapeza yankho mumvetsa chifukwa chake sefa yodzaza fumbi imafooketsa njinga.

2. Ikani misomali yadzimbiri itatu m'makapu atatu: ya madzi, ya viniga, ndi ya madzi a mandimu. Lembani zimene mwaona pakatha maola 24. N'chifukwa chiyani tikufunika kapu ya madzi okha?

3. Njinga ikupanikiza bwino, pulagi ikuthetheka, koma mukaponda kangapo n'kumasula pulagi mukupeza ili youma. Vuto lili kuti?

Mnzathu wa pa Kamwendo, kawauzeni amalume kuti sabata ino agule lita ya oyilo, botolo la viniga ndi petulo pang'ono. Zinazo muziona mukamaliza kuyesa.