Phunziro 14: Manambala a pa Ndodo Yowedzera

TIWERENGE

Ku Metangula, m'mbali mwa Nyanja ya Niassa, kuli mnyamata wina msodzi. Kale ankawedza ndi nsungwi. Atagulitsa chinangwa chake, anagula ndodo yowedzera ya kusitolo. Anagulanso nyambo yachitsulo yonyezimira ngati usipa, yokopera ncheni.

Tsiku lina anafuna kuponya patali, pamadzi akuya. Anamangirira nyambo yaikulu, naponya ndi mphamvu zake zonse. Ndodo inathyoka kunsonga. Chingwe chinaduka. Nyambo inauluka, nikagwa pafupi ndi ana amene ankasamba. Tsiku limenelo kunyumba kunalibe ndiwo.

Madzulo anapita kwa amalume ake.

— Amalume, andigulitsa ndodo yachabe.

— Bwera nayo kuno, mwanawe. Pafupi ndi chogwirirapa alembapo chiyani?

Mnyamata anawerenga pang'onopang'ono:

— 10–30 g.

— Nanga papepala la nyambo yako?

— 60 g.

— Ndodo sinakunamize. Inakuuza katundu amene ingathe kusenza. Iwe ndiwe sunawerenge.

TIMVETSE

Chilembo g chikuimira magalamu. Magalamu 1000 ndi kilo imodzi.

Ndodo yolembedwa 10–30 g imaponya bwino nyambo yolemera kuyambira magalamu 10 mpaka magalamu 30. Ndodo zina amalemba oz m'malo mwa g. Oz imodzi ndi magalamu pafupifupi 28.

Poponya, ndodo imapindika ngati uta. Kenaka imawongoka ndi kukankha nyambo patsogolo. Nyambo ikapepuka kwambiri, ndodo sipindika mokwanira, ndipo nyambo sipita patali. Nyambo ikalemera kwambiri, ndodo imapindika mopitirira muyeso.

Taganizani za dengu la chinangwa pamutu. Mukamayenda, khosi limapirira. Mukalumpha nalo ngalande, khosi limamva kuwawa, chonsecho dengu ndi lomwelo. Ndodo nayonso ndi chimodzimodzi. Nyambo ya magalamu 60 ikangolendewera, ndodo imapirira. Ikaponyedwa mwamphamvu, imakoka ndodo kuposa kulemera kwake.

Nyambo yolemera mopitirira imabweretsa mavuto anayi:

1. Nsonga ya ndodo imathyoka.
2. Chingwe chimaduka, ndipo chitsulo chokhala ndi mbedza chimatha kuvulaza munthu.
3. Nyambo sigwa pamene msodzi akufuna.
4. Ndodo imatha kung'aluka m'kati osaoneka, ndi kudzathyoka tsiku lina nsomba ili kumbedza.

TICHITE CHIYANI?

Tiwerenge manambala tisanagule ndodo. Tiwerengenso kulemera kwa nyambo.

Tiphatikize zonse zimene tamangirira kuchingwe: mtovu, mbedza ndi nyambo. Ndodo imasenza zonsezo pamodzi.

Ngati nyambo ilibe nambala, tikaiyeze pasikelo ya kusitolo. Tingathenso kupanga sikelo yathu. Timange chingwe pakati penipeni pa kamtengo kowongoka. Mbali ina tikoleke nyambo, mbali ina mtovu umene tikudziwa kulemera kwake. Mbali yotsika ndiyo yolemera.

Ngati nyambo yapitirira pang'ono, ndipo tilibe ina, tisaponye modzidzimutsa. Tiponye mofatsa, chammbali, pafupi. Ngati yapitirira kwambiri, monga 60 g pa ndodo ya 30 g, tisaponye n'komwe. Tipalase bwato mpaka pamadzi akuya, ndi kutsitsa nyamboyo ndi chingwe cha pamanja.

Tisanaponye, ticheuke. Kumbuyo ndi kumbali kwathu kusakhale munthu.

MAWU OFUNIKA

ndodo, nyambo, mbedza, chingwe, mtovu, magalamu, kulemera

Tigawe mawu:
nya-mbo
mbe-dza
chi-ngwe
ma-ga-la-mu

TIWERENGETSE

1. Mtovu ukulemera 20 g. Nyambo ndi mbedza zikulemera 15 g. Zonse pamodzi ndi magalamu angati? Kodi ndodo ya 10–30 g ingasenze?
2. Nyambo ya mnyamata uja inali 60 g. Inapitirira malire a ndodo ndi magalamu angati?
3. Ndodo ina yalembedwa 2 oz. Amenewa ndi magalamu angati?

TIKAMBIRANE

1. Mnyamata anati wolakwa ndi wogulitsa. Amalume anati chiyani? Inu mukuti bwanji?
2. Kodi m'mudzi mwathu alipo amene anathyola chida chifukwa chochisenzetsa katundu wopitirira? Ganizirani za njinga, ngolo ndi bwato.
3. Ndi zinthu ziti zina za pakhomo zimene zili ndi manambala ofunika kuwerenga? Mawa aliyense abwere ndi chimodzi, tidzawerengere pamodzi.

TILEMBE

Lembani m'makope mwanu katatu:

Msodzi wodziwa kuwerenga amasunga ndodo yake.