Foni Ikamalembera Mwana Chizungu: Mafunso ndi Mayankho kwa Makolo a kwa Mwase Lundazi

Kodi makina olemba okha afika kale kuno?

Afika, ndipo ali m'matumba mwathu. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo mu Epulo 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp ku Zambia ndi ku Malawi. Mwana akangobwereka foni ya amalume ake yokhala ndi bando, komposishoni imatuluka nsima isanapse.

Nanga vuto n'chiyani, poti Chizungucho chimakhala chosalala?

N'chosalala, koma si chake. Aphunzitsi amadziwa pomwe mwana akuvutika poona zimene walakwitsa. Akalandira ntchito yopanda cholakwa amapitirira, mwanayo n'kutsalira osadziwika. Tsiku la mayeso a ECZ foni imatsala kunja, iye n'kukhala yekha ndi bolopeni. Palinso tsankho: wopanda foni amalemba movutikira n'kupeza malikisi ochepa kuposa mnzake wokopera.

Aphunzitsi sangagwiritse ntchito mapulogalamu ogwira okopera?

Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Mu 2023 ofufuza a ku Stanford anapeza kuti mapulogalamu otere ananamizira zolemba zoposa theka za anthu amene Chizungu si chiyankhulo chawo, ati zalembedwa ndi makina. Chifukwa chake n'chakuti ophunzira otere amagwiritsa ntchito mawu osavuta, obwerezabwereza. Mwana woyankhula Chichewa kapena Chitumbuka kunyumba amalemba choncho kumene. Kumulanga chifukwa cha pulogalamu yokha n'kumulakwira. Aphunzitsi amuitane, awerenge mokweza, afotokoze zimene walemba. Wokopera sachedwa kukakamira.

Kodi zimene makinawa amanena n'zoona?

Osati nthawi zonse. Anaphunzira kwambiri pa zolemba za ku America ndi ku Ulaya. Mukawafunsa za ufumu wa Mwase kapena za Kulamba ku Mkaika, akhoza kupeka mayina, n'kuwalemba m'Chizungu chokoma chosonyeza ngati akudziwa.

Nanga mayina ndi zolemba za ana zimapita kuti?

Kumakompyuta a makampani akunja. Zambia ili ndi lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu, choncho aphunzitsi asamalowetse dzina la mwana kapena malikisi ake m'makinawa. Bungwe la UNESCO linalangizanso mu 2023 kuti ana osakwana zaka 13 asamawagwiritse ntchito m'kalasi.

Ndiye tiwaletse?

Ayi. Wa ku sekondale ayambe walemba yekha m'kope, kenako afunse makinawo pomwe galamala yapotoka, ndipo akapereke zonse ziwiri kwa aphunzitsi.